Louis Armstrong, Mnyamata wa Kalipenga ka Citini

Kodi munaonapo gulu la oimba ndi malipenga likuyenda mumseu? Ng'oma imagunda, malipenga amalira, ndipo ana amathamangira pambuyo. Kale-kale, kudziko la America, kunali mnyamata wina amene anali kuthamangira magulu otere. Nthawi zambiri anali kuyenda wopanda nsapato. Ndalama analibe, lipenga analibenso. Dzina lake linali Louis Armstrong.

Kumene anabadwira

Louis anabadwa pa 4 Ogasiti 1901 mumzinda wa New Orleans. Mzinda umenewu uli m'mbali mwa mtsinje waukulu wochedwa Mississippi. Makolo akale a anthu akuda a kumeneko anacokera kuno ku Africa. Anawatengera ku America monga akapolo. Pamene Louis anali kubadwa, ukapolo unali utatha, koma anthu akuda anali kuvutikabe. Malamulo anali kuwapatula. Ana akuda anali ndi sukulu zao-zao, ana a azungu zaonso.

Louis anabadwira m'komboni ya anthu osauka kwambiri. Ndeu kumeneko sizinali kutha, mwakuti anthu anapatsa malowo dzina lotanthauza bwalo la nkhondo.

Atate ake, a William, anasiya banja Louis akali khanda. Conco mwanayo analeredwa ndi ambuya ake, a Josephine. Ambuyawo anali kucapa zovala za anthu kuti apeze cakudya. Pa Sondo anali kupita naye ku chalichi, ndipo kumeneko ndiko anayamba kuimba. Atafika zaka pafupifupi 5 anabwerera kwa amai ake, a Mayann. Kunyumbako kunalinso mlongo wake wamng'ono, Beatrice. Cakudya cao kawiri-kawiri cinali mpunga wa nyemba. Louis anaukonda mpunga wa nyemba umenewu mpaka kukalamba.

Kalipenga ka citini

Louis anayamba kugwira nchito akali wamng'ono ndithu. Anali kugulitsa nyuzipepala mumseu. Anapezanso nchito kubanja lina la a Karnoffsky. Awa anali Ayuda ocokera kudziko la Lithuania. Iwonso anali osauka, ndipo iwonso anthu ena anali kuwanyoza.

Banjali linali ndi ngolo yokokedwa ndi kavalo. Masana anali kuzungulira mumzinda kugula mabotolo, nsanza, mafupa ndi zitsulo zakale. Madzulo anali kugulitsa malasha. Louis anali kukwera pangolopo ndi kuthandiza.

Nanga anthu m'nyumba zao akanadziwa bwanji kuti ngolo yafika? Apa ndipo panali nchito ya Louis. Iye anali ndi kalipenga ka citini, kaja kamene ana anali kuseweretsa pa Khirisimasi. Kanali kochipa, kopanda mabatani. Mwana wina aliyense akakaliza, kanali kungoti pee! pee! basi. Koma Louis sanakhutire ndi pee! pee! Anayesa kukaliza mwa njira iyi, nayesanso mwa njira ina. Pang'ono-pang'ono kacitini kaja kanayamba kutulutsa nyimbo. Ana akamva, anali kutuluka cothamanga ndi mabotolo m'manja.

A Karnoffsky anaona kuti mnyamatayu ali ndi khutu la nyimbo. Anali kumulimbikitsa. Nchito ikatha, anali kudya naye pamodzi cakudya ca madzulo. Amai a m'nyumbamo akamaimba nyimbo yogonekera khanda, Louis anali kuimba nao.

Tsiku lina ngolo inadutsa pa sitolo yogulitsa zinthu zakale. Pawindo panali lipenga leni-leni, la mtundu wochedwa cornet. Linali lakale ndi lakuda bii. Kwa ena linali citsulo cabe, koma Louis maso anali pomwepo. Mtengo wake unali madola 5. Kwa mwana wa pangolo, izi zinali ndalama zambiri zedi.

Morris, mnyamata wamkulu wa m'banja lija, anamubwereka madola 2. Anatsala madola 3. Louis anayamba kusunga masenti 50 sabata iliyonse. Dola imodzi ndi masenti 100. Mukawerenga bwino, mupeza kuti madola 3 aja anafuna masabata 6 osunga osadyako. Lipenga lija analigula, ndipo Morris analipukuta mpaka linayamba kuwala.

Nkhani imeneyi anailemba yekha Louis atakalamba. Banja lija sanaliiwale. Pakhosi pake anali kuvala kanyenyezi, cizindikiro ca Ayuda, mpaka tsiku la imfa yake.

Sukulu sanapite nayo patali. Anaisiya ali ndi zaka pafupifupi 11 cifukwa ca umphawi. Iye ndi anzake atatu anapanga kagulu koimba ndi pakamwa. Anali kuimirira pamphambano za miseu ndi kuimba, ndipo odutsa anali kuwaponyera timakobiri. Usiku Louis anali kuima panja pa nyumba zovinira. Sanali kuloledwa kulowa, koma makutu ake anali kumva zonse. Mwa oimba onse, anali kukonda kwambiri kumvetsera munthu wina dzina lake a Joe Oliver.

Usiku wa caka catsopano

Pa 31 Disembala 1912 mzinda wonse unali pa cikondwerero. Anthu anali kuphulitsa makombola a moto polandira caka catsopano. Usiku umenewo Louis anacita cinthu coipa ndi coopsa. Anatenga mfuti ya m'nyumba mobisa, napita nayo mumseu. Pofuna kudzionetsa kwa anzake, anaombera m'mwamba. Phuu! Asanathawe n'komwe, wapolisi anamugwira dzanja.

Louis analira, napepesa, koma sizinathandize. Anagona m'manja mwa apolisi. Woweruza anamutumiza ku nyumba yochedwa Colored Waif's Home. Kumeneku kunali kosungirako anyamata akuda opulupudza ndi ena osowa owalera.

Moyo wa kumeneko unali ngati wa asilikali. Lipenga likalira m'mawa, onse adzuke. Likaliranso, onse akadye. Likalira usiku, onse akagone. Anyamata anali kukolopa, kulima m'dimba ndi kuphunzira. Masiku oyamba Louis anali kungokumbuka amai ake.

Koma panyumbapo panali cinthu cimodzi cimene cinamukoka mtima. Panali gulu la anyamata oimba ndi malipenga. Mphunzitsi wao anali a Peter Davis. Poyamba a Davis sanamukonde Louis. Anali kuganiza kuti mwana wocokera ku komboni ya ndeu ija sangakhale wabwino. Louis sanakangane nao. Gulu likamaphunzira, iye anali kukhala pambali phee, kumvetsera. Tsiku ndi tsiku anali pomwepo.

Patapita nthawi, a Davis anamuitana kuti alowe m'gulu. Louis anasangalala, poganiza kuti amupatsa cornet. Ai ndithu! Anamupatsa kang'oma kakang'ono ka m'manja, kokhala ndi tizitsulo tolira m'mbali. Mwana wina akanakwiya. Louis anakalandira, nakagwedeza bwino-bwino mogwirizana ndi nyimbo. A Davis ataona zimenezi, anamupatsa ng'oma. Pambuyo pake anamupatsa lipenga lina la mau apakati. Kenaka anamupatsa lipenga lija lodzutsira anyamata m'mawa. Potsiriza peni-peni anamupatsa cornet.

Kuliza lipenga si nchito yopepuka. Cornet ili ndi mabatani atatu cabe, koma nyimbo ili ndi mau ambiri, ena okwera, ena otsika. Nanga mau onsewo amacokera kuti? Amacokera pa milomo ya woimba. Woimba amatseka milomo, nauzira mpweya kuti milomoyo izinjenjemera. Akaikhwimitsa, mau amakwera. Akaimasula, mau amatsika. Mabatani amangothandiza. Conco pafunika milomo yolimba ndi mpweya wambiri m'cifuwa. Kale Louis anali kungoyesa-yesa yekha. Tsopano anali ndi mphunzitsi womuonetsa kagwiridwe ndi kauziridwe koyenera.

Anaphunzira msanga kwambiri, mwakuti a Davis anamuika kukhala mtsogoleri wa gulu lonse.

Tsiku lina gululo linaguba kudutsa m'komboni ya kwao kwa Louis. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona. Ha! Si Louis uyo, mwana wa a Mayann? Wavala yunifomu, ali ndi lipenga pakamwa! Ena anathamanga kukaitana amai ake. Anthu aja, ngakhale anali osauka, anayamba kuponya ndalama m'cipewa. Ndalamazo zinaculuka, mwakuti zinagula mayunifomu ndi zoimbira zatsopano za gulu.

Louis anakhala panyumbapo pafupifupi caka ndi theka. Anatuluka mu Juni 1914.

Malasha masana, lipenga usiku

Lipenga labwino lija linatsala komweko, pakuti silinali lake. Ndipo kunyumba umphawi unali ukalipo. Louis anapeza nchito yoyendetsa ngolo ya malasha. Ngoloyo inali kukokedwa ndi nyulu, nyama yofanana ndi bulu. Akadzaza ngolo ndi fosholo ndi kukatula malasha, anali kulandira masenti 15. Msana unali kuwawa, koma ndalamazo zinali kudyetsa amai ake ndi mlongo wake.

Usiku anali kupita kumene kuli nyimbo. Nthawi zina anali kupempha oimba akulu-akulu kuti amubwereke lipenga aimbeko nyimbo imodzi cabe. Pambuyo pake anayamba kulembedwa nchito yoimba m'nyumba zovinira. Anali kuimba mpaka mbandakuca, kugona pang'ono, ndi kubwereranso ku malasha.

A Joe Oliver aja anamuona mnyamatayu. Iwo anali katswiri wa cornet mumzinda wonse, ndipo anthu anali kuwachula kuti King, ndiko kuti mfumu. Louis analibe ndalama zolipira maphunziro. Conco anali kuwanyamulira lipenga, ndipo akazi ao, a Stella, anali kumutuma uku ndi uku. Malipiro ake anali maphunziro a lipenga, ndipo nthawi zina mbale ya mpunga wa nyemba. Tsiku lina a Oliver anamupatsa cornet yao yakale. Louis anali kuwaona ngati atate ake eni-eni.

A Oliver atasamukira kumzinda wa Chicago, malo ao m'gulu la a Kid Ory anatenga Louis. Kucokera mu 1919 anayamba kuimba m'sitima zapamadzi zoyenda pa mtsinje wa Mississippi. Mtsogoleri wa gulu la m'sitimamo anali a Fate Marable, munthu wosafuna zaulesi. Kufikira nthawi imeneyi Louis anali kudalira khutu. Akamva nyimbo, anali kuigwira pomwepo. Koma a Marable anafuna kuti woimba aliyense aziwerenga nyimbo zolembedwa papepala. Nyimbo nazo zili ndi zilembo zake, monga mau a m'buku lino. Louis anakhala pansi, naphunzira.

Ulendo wa ku Chicago

Mu 1922 a Oliver anatumiza uthenga woitana Louis ku Chicago. Iye anali ndi zaka 21. Amai ake anamukonzera kamba wa paulendo, buledi ndi nsomba. Anakwera sitima ya panjanji, cornet ili m'manja.

Caka cotsatira, mu 1923, gulu la a Oliver linajambula nyimbo zake zoyamba. Masiku amenewo kujambula kunali kosiyana ndi lero. Munalibe maikolofoni m'cipinda cojambulira. Oimba anali kuima patsogolo pa cinthu cacikulu cooneka ngati fanelo. Mau akalowa mmenemo, kasingano kanali kulemba mizere pa mbale ya phula. Akuti lipenga la Louis linali kulira mwamphamvu kwambiri, mwakuti anamuimika kumbuyo, kutali ndi anzake.

M'gululo munali mtsikana woimba piyano dzina lake Lil Hardin. Awiriwa anakwatirana mu 1924. Lil anaona kuti mwamuna wake sayenera kukhala kumbuyo kwa munthu wina masiku onse. Anamulimbikitsa kuti aime payekha. Louis anapita kukaimba ku New York, ndipo mu 1925 anabwerera ku Chicago. Kumeneko anayamba kujambula nyimbo m'dzina lake, ndi kagulu ka anthu asanu kochedwa Hot Five.

Tsopano mnyamata wa pangolo uja anali atakula. Anali a Armstrong, ndipo oimba ena anayamba kutengera kaimbidwe kao.

Nyimbo zimene anali kuimba zimachedwa jazz. Zinayambira kwao komwe ku New Orleans, pakati pa anthu akuda. Mu jazz woimba samangobwereza nyimbo monga ilili. Amaikongoletsa, napeka zatsopano nthawi yomweyo. Poyamba oimba a jazz anali kukonda kuliza onse pamodzi. A Armstrong anaonetsa kuti munthu mmodzi angatsogole yekha, anzake namuthandiza pansi-pansi, ndipo lipenga lake limveke ngati likusimba nkhani. Pa zaka zimenezi anasiya cornet nayamba kuliza trumpet, lipenga lotalikirapo la mau akuthwa.

Anali kuimbanso ndi pakamwa. Mau ao anali osasa, ngati a munthu wa cimfine. Koma anthu anawakonda mau omwewo. Nthawi zina anali kusiya mau a nyimbo ndi kuyamba kuimba timau topanda tanthauzo, ngati kuti pakamwa pao pasanduka lipenga. Anthu anawapatsa dzina lakuti Satchmo. Dzinali linacokera ku mau a Cingerezi onena za pakamwa papakulu ngati cikwama. Iwo sanakwiye nalo, analikonda.

Mu 1931 anapita kukaceza ku New Orleans. Anafikanso ku nyumba ya anyamata ija, kukaona ana amene anali kumeneko. Mu 1932 anaoloka nyanja kukaimba ku London. Kulikonse kumene anali kuimba, anali ndi kansalu koyera m'manja kopukutira thukuta. Nchitoyi inali yowawa. Cifukwa coliza mau okwera usiku ndi usiku, milomo yao inali kung'ambika mpaka kutuluka magazi.

Ana asanu ndi anai a ku Little Rock

Ngakhale anachuka, tsankho silinawasiye. M'mizinda ina anali kuimba m'mahotela amene sanali kuwalola kugonamo. Kwao ku New Orleans kunabwera lamulo loletsa akuda ndi azungu kuimba m'gulu limodzi. Gulu la a Armstrong linali ndi akuda ndi azungu omwe. Conco anakana kukaimba kwao kwa zaka pafupifupi 10.

Mu 1957, mumzinda wa Little Rock, ana akuda 9 anafuna kulowa sukulu imene munali ana a azungu okha-okha. Lamulo la dziko linali kuwalola. Koma asilikali anaima pakhomo kuwatsekereza, ndipo khamu la anthu linali kuwanyoza. A Armstrong ataona zimenezi anakwiya kwambiri. Anadzudzula akulu a boma poyera, ngakhale pulezidenti amene. Anakananso ulendo umene boma linafuna kuwatuma kukaimba ku Soviet Union. Kulankhula kotere kunali koopsa kwa munthu wakuda masiku amenewo. Anthu ena anawada, ndipo akanatha kutaya nchito. Koma sanabweze mau ao.

Ku Africa

A Armstrong anafika ku Africa koyamba mu 1956. Anapita ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Anthu miyanda-miyanda anabwera kudzawalandira. Pakati pa ovina anaona mai wina wofanana kwambiri ndi amai ao, amene anali atamwalira kale. Zimenezi zinawakhudza mtima.

Mu 1960 anabweranso, nayenda maiko ambiri. Ku Congo anthu anawanyamula pa mpando ngati mfumu. Anafikanso ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe. Kumeneko anakumana ndi a August Musarurwa, amene anapeka nyimbo yochedwa Skokiaan. A Armstrong anali atajambula nyimbo imeneyi mu 1954.

Masiku otsiriza

Mu 1964, ali ndi zaka 62, nyimbo yao yochedwa Hello, Dolly! inakhala pa nambala 1 m'dziko lonse la America. Inapambana ngakhale nyimbo za anyamata ochuka a gulu la Beatles. Mu 1965 anakumananso ndi mphunzitsi wao uja, a Peter Davis, amene tsopano anali nkhalamba. Mu 1967 anajambula What a Wonderful World, nyimbo imene imamvekabe pa wailesi mpaka lero.

Anali ndi ndalama zokwanira kugula cinyumba cacikulu. Koma iwo ndi akazi ao otsiriza, a Lucille, anali kukhala m'nyumba wamba ku Corona, mumzinda wa New York. Anakhalamo kuyambira mu 1943. Akabwera ku ulendo, ana a pafupi anali kuthamanga kudzawanyamulira katundu. A Armstrong anali kukhala nao pa masitepe a nyumba, kuwagulira aisikirimu ndi kuwaonetsa kalizidwe ka lipenga.

Anamwalira ali m'tulo m'nyumba yomweyo pa 6 Julayi 1971. Moyo wao wonse anali kukhulupirira kuti anabadwa pa 4 Julayi 1900. Tsiku leni-leni linadziwika iwo atamwalira kale, pamene anthu anapeza buku la ubatizo la ku chalichi.

Lero nyumba ya ku Corona ndi malo amene alendo amapita kukaona. Bwalo la ndeke la ku New Orleans limachedwa ndi dzina lao. Ndipo cornet ija ya ku nyumba ya anyamata ikalipo. Amaisunga m'nyumba yoonetsera zinthu zakale mumzinda womwewo. Poikira milomo pake pali timizere timene Louis anazokota akali mnyamata, kuti lipenga lisamatsetsereke pa milomo.